Nsapato za Che Mdoka

Tsiku lina itatha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, Che Mdoka, mwini golosale yaikulu pa Ntaja, anafika kwa Shehe Twaibu atanyamula botolo la uchi. Shehe anali pakhonde akusoka mkeka wa ku madrasa umene unang'ambika. Anayankha salamu, napereka kwa mlendoyo mpando umodzi wokha umene unalipo, iwo n'kukhala pansi.

"Shehe, ndabwera ndi kankhani kakang'ono," anatero Che Mdoka. "Mwana wanga wa ku Joni uja wanditumizira mphatso ya Idi. Nsapato zachikopa, zosongoka kutsogolo. Msika wonse ukudziwa kale kuti pa Idi ndidzavala zimenezo."

"Mashaallah. Mwana wokumbukira bambo ake ndi dalitso."

"Dalitsolo lagwidwa ku positi ofesi! Akuti ndilipire msonkho wa kasitomu, kuwonjezaponso ya kusungira phukusi. Ndawauza kuti iyi ndi mphatso, sindinagule. Mtsikana wa pawindo akuti, 'Bambo, mphatso nayonso imadutsa pamalire.' Ndikapanda kulipira sabata ino, akuti zibwerera ku Joni."

Mawu a Che Mdoka anali atakwera, ndipo odutsa mumsewu anayamba kucheuka. Shehe anaitanitsa tiyi msanga kuti pakamwa pa mlendo papeze ntchito ina.

"Kodi ndalamazo zasowa, Che Mdoka? Ngati zasowa, tisonkherana ndi abale mwakachetechete. Palibe adzadziwe."

"Kusowa? Ine?" Che Mdoka anagunda thumba la mkanjo. "Ndalama zilipo. Koma ndilipirirenji chinthu changa chomwe? Ndamva kuti katundu wopita ku mzikiti amadutsa ulere. Inu mungolemba kakalata, mudindepo chidindo, kuti phukusilo ndi la mzikiti."

"Ndi la mzikiti?"

"Mukaliyang'ana bwino, inde. Mwanayo anaphunzira pa madrasa panu pompano. Ndipo nsapatozo zizibwera ku swala kasanu pa tsiku. Pa Ntaja pano ilipo nsapato ina yopembedza kuposa pamenepo?"

Shehe anamwetulira, nabaya singano pamkeka.

"Kalatayo ndilemba mokondwa," anatero.

Che Mdoka anakankhira botolo la uchi kufupi ndi Shehe. Shehe analibwezera pamene linali, mofatsa, ngati akulichotsa padzuwa.

"Koma chidindo changa sichidinda chinthu chisanachitike. Muyambe mwazipereka ku mzikiti ngati sadaka pamaso pa mboni. Zikafika, komiti idzaona wosauka amene zikumukwana. Ndi sayizi yanji?"

"Naini," anayankha Che Mdoka, mawu atachepa.

"Alhamdulillah! Muazini wathu, Che Bakali, amavala naini. Chaka chonsechi amabwera kudzaitana anthu m'bandakucha ali ndi patapata womanga ndi waya."

Che Mdoka anatsamwa ndi tiyi.

"Che Bakali? Nsapato zanga zosongoka? Tsiku la Idi ine n'kumazipatsa salamu zili kumapazi kwa Che Bakali?"

"Mudzatero, ndipo malipiro ake mudzawapeza kwa Allah. Kumeneko kulibe kasitomu."

"Shehe, musandimve molakwa. Ine ndimati zikhale za mzikiti papepala pokha. Kumapazi zikhale zanga."

Shehe anatsitsa mawu kuti asamveke kupitirira pakhonde.

"Che Mdoka, mukabwera ku swala chipewa chanu chimalowa, mkanjo umalowa, ngakhale ndodo yanu imalowa. Chotsala panja ndi nsapato zokha. Ndilemba bwanji kuti ndi za mzikiti, pamene mzikitiwo suzilola n'kulowa komwe? Pitani mukalipire msonkho, mudzatchene pa Idi mtima uli mbee. Mukapanda kutero, nsapatozo muzizivula pakhomo, koma bodzalo silivulika. Lizilowa nanu m'kati, n'kumaima pambali panu mpaka swala ithe."