Kamba wa Bwana Matola

Pa kachilumba kena m'nyanja yamchere, Bwana Matola, mwini malo ogona alendo, adaitana Jafali, woperekeza alendowo.

"Anthuwa abwerera kamba wam'nyanja. Akapanda kumuona lero, ntchito yako yatha!"

Jafali ankadziwa kuti sinali nyengo ya akamba, koma adati, "Bwana, kamba amatuluka akaona mnzake wonenepa. Nanga ine kuwondaku?"

Bwanayo, poti anali wonenepa, adavomera kudziyesa kamba. Jafali adawamangirira beseni kumsana, n'kuwasiya akukwawa pamchenga. Kenaka adathamanga kukatenga alendo.

"Kamba wathu uja ndi uyu! Jambulani, saluma."

Alendo adajambula akuseka mpaka misozi.

"Jafali, ndimasule msanga!" adanong'ona Bwana Matola.

"Khalani chete, bwana, kamba sayankhula. Boti lina la alendo likukocheza kumene."