Mtedza wa Nangondo ndi Alonda a M'mimba mwa Zione

Mumtengo wa mkuyu munkakhala agologolo awiri: Nankhoma, wamtima wam'mwamba, ndi mlamu wake Nangondo, yemwe akanena chinthu sankabweza. Mkangano wawo unali pa Zione, mwana wa Nankhoma. Akangolawa mtedza, m'mimba munkamupotokola, kenako kusanza ndi kutsekula.

"Mtedza wanuwu ndi wowola, alamu," anatero Nankhoma.

"Wowola? Onani masaya anga mmene akunyezimira! Mwanayu mwamulera ngati dzira. M'patseni wambiri, mimba izolowere."

Nankhoma anaona kuti mtedzawo unalidi wabwino. Komabe nthiti za mwana zinkawerengeka. Anamubereka ulendo kwa Njuchi, namwino wa m'nkhalangomo, Nangondo akulondola ndi kathumba kake ka mtedza.

Njuchi anafunsa zonse zimene mwana anadya sabata imeneyo, kenako anati, "Nonse mukunena zoona pang'ono: mtedzawu ukumudwalitsadi mwanayu, koma si wowola. Kumng'oma kwathu tili ndi alonda pakhomo. Tsiku lina mchemwali wanga anabwera akununkhira maluwa achilendo, alonda anamuyesa mbala n'kumulumphira. Fungolo sanaliiwalenso."

"Nanga mtedza wanga ukulowa pati?" anafunsa Nangondo.

"M'matumbo mulinso alonda, olimbana ndi tizilombo ta matenda. Alonda a Zione anauyesa mdani mtedzawo, ndipo akuukumbukira. Ukangolowa amathira mankhwala otupitsa matumbo, mimba n'kukankhira zonse kunja. Kumuwonjezera n'kuputa nkhondo. Alonda a ana ena amadzazindikira kulakwa kwawo mwana akamakula, ena ayi. Koma kuyesanso mudzayesere kuno, osati kwanu."

Nangondo anakanda khutu. "Ndiye opusa ndi alondawo?"

"Si opusa, mayi. Khama ndilo lawapitirira."

"Bola mtedza wanga wapezeka wosalakwa!"

Nankhoma anaseka koyamba m'masabata atatu. Anayamba kumudyetsa Zione nthochi, masuku ndi mbatata, ndipo pakutha pa mwezi mwana ankalumpha nthambi osagwirika. Nangondo ndiye anasanduka mlonda woopsa, wonunkhiza mphatso iliyonse yobwera kwa mwanayo. Nyani atabweretsa futali wotendera bwino, Nangondo anamukalipira n'kumuthamangitsa mpaka kudambo, n'kubwerera kudzadya futaliyo yekha.

Phunziro: Chakudya chokomera mudzi wonse chitha kuutsa nkhondo m'mimba mwa mwana mmodzi. Akamadwala nacho musanyoze wophika, musakakamize mwana, kafunseni odziwa.