Mzere wa a Nangondo

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene ankatsogolera kwaya ya pampingo wakwawo. Kwayayo anachita kuipeza. Anaiyambitsa ndi mayi ake, a Nangondo, iye akadali wakumsana. Nyimbo zake zoyamba anazimvera m'nthiti za mayi akewo, khutu litatsamira pamsana.

A Nangondo anali ndi mawu. Akakweza nyimbo pamaliro, ngakhale okumba manda ankayamba aimika makasu. M'mudzimo munalibe khomo limene sanakaimbepo pa tsiku la misozi. Anaimbira mwamuna wa a Nasibeko, mnzawo wa kuubwana. Anaimbira mapasa a kwa Chimtengo. Anaimbira ngakhale mlamu wawo uja anawalanda dimba. Makomo onsewo anali ndi ngongole kwa iwo, ngongole imene sabweza ndi ndalama koma ndi pakhosi. Paja maliro n'kulirana.

Koma pakhosi napo pamakalamba. Mawu aja anayamba kunjenjemera. Akafika pamwamba ankasweka, akatsika ankatsalira m'mbuyo mwa anzawo. Kwaya yonse inkadziwa. Palibe ankanena.

Yotamu anali ndi kompyuta yogula pakaunjika, ndipo ankajambulira nyimbo za kwayayo. Kompyutayo inali ndi khutu lake lobadwa nalo, la m'kati, ndi kabowo kamodzi kolowetsa maikolofoni. Kwaya yonse inkaunjikana kuzungulira maikolofoni imodziyo, wamtali kumbuyo, wamfupi kutsogolo, n'kuimba pamodzi. Nyimbo ikatuluka, inkatuluka ndi phokoso pansi pake, ngati njuchi zili m'mphako. Mawu onse ankasakanikirana. Sukanatha kuloza kuti wosweka ndi uyu, wotsalira ndi uyo. Amayi a m'mudzi ankazikonda choncho. Koma anyamata a pamsika ankamuseka Yotamu.

"Aphunzitsi, nyimbo ija munajambulira m'chigayo eti? Tamva ndi mgaiwa womwe ukutuluka!"

Mawu amenewa anamulowa. Tsiku lina anakwera minibasi, ulendo wa kutauni, kwa munthu wogulitsa zipangizo za makompyuta. Anamufotokozera za njuchi zija.

Wogulitsayo anati, "Bigi, vuto si kwaya yanu. Khutu la m'kati mwa kompyuta limakhala mothithikana ndi zitsulo zina zonse, ndiye limamva ndi kulira kwa m'mimba mwake komwe. Ngati n'zongomvera kunyumba, kapena kujambula ulaliki, lomwelo likukwanirani, musavutike. Koma ngati mukufuna za pawailesi, tengani iyi. Saundi kadi. Ntchito yake ndi imodzi basi, kumva."

"Ndiye njuchi zija zitha?"

"Njuchi? Mudzamva ndi munthu akumeza malovu. Muzidzawaimbitsa mmodzimmodzi, aliyense mawu ake pamzere wake. Koma ndikuuzirenitu, madala. Ena akaigula amabweranso kudzandidandaulira kuti kadi yawaonongera kwaya. Ndimawayankha kuti kadi siimba."

Yotamu anaseka. Anaigula, n'kubwerera nayo kumudzi ataifungatira ngati khanda.

Anakonza chipinda. Anakhoma matiresi akale kuzipupa kuti tambala wa panja asalowe mu nyimbo. Oimba anayamba kubwera mmodzimmodzi, kuvala mahedifoni, kuimba mbali yawo, n'kutuluka. A Nangondo anabwera pomaliza, atavala nsalu yawo ya kutchalitchi, atatenga mbatata yootcha ya mwana wawo m'kambale.

Anayang'ana uku ndi uku m'chipindamo. "Ndiimbe ndekhandekha ngati wamisala? Anzanga ali kuti?"

"Ali m'makutu mwanumo, amayi. Valani izi, muwamva."

"Ha! Zinthu zake. Kale tinkaimba tikununkhizana thukuta."

Anavala. Atamva anzawo m'makutu anamwetulira, n'kutseka maso. Anaimba ndi mtima wonse, dzanja limodzi lili pachifuwa. Atatha anati, "Musaiwale mbatatayo, atate, izizira." Anapita.

Yotamu anatsala yekha ndi kompyuta. Pagalasi, mawu a anthu anali atandandalikana ngati mizere ya m'munda, wina pansi pa unzake. Njuchi munalibe. Anamvera mzere woyamba, wosalala. Wachiwiri, wosalala. Atafika pa mzere wa mayi ake, anamva zonse zimene njuchi zinkabisa. Anamva mpweya ukuliza mluzu pamene panagwa mano. Anamva mawu akukwera, akunjenjemera, n'kuthyoka asanafike. Anamva kuwefuka kwa nkhalamba pakati pa ndime.

Anauchepetsa mphamvu. Unkamvekabe. Khutu likaphunzira pamene pali chilema, limathamangira pomwepo.

Anautseka kaye kuti aone. Nyimbo inayera ngati madzi a pakasupe.

Apa m'pamene panali mphambano. Akanatha kuusiya mzerewo chapansipansi, nyimbo n'kukhala ndi kachipsera. Akanatha kuutseka koma n'kuusunga pambali, pakuti mzere umodzi sudya chimanga. Koma anakumbukira anyamata a pamsika. Anaopa kuti wina adzatsegula kompyuta tsiku lina, n'kumva, n'kuseka. Anausankha mzerewo kuti aufufute. Kompyuta inamufunsa, monga imafunsira, ngati watsimikiza. Ngakhale chitsulo chinamupatsa mpata wobwerera. Iye anadina.

Sanalekere pomwepo. Anatsegula nyimbo zakale zonse, za njuchi zija, zimene tsopano zinkamuchititsa manyazi. Anazifufuta nazonso. Kenako anadya mbatata.

Lamlungu lina mapemphero atatha, anaika masipika pakhomo la tchalitchi kuti mpingo umve nyimbo zatsopano. Anthu anaomba m'manja. Anyamata a pamsika aja anabwera, ndipo mmodzi anati, "Koma ndiye mwatha, aphunzitsi. Izi ndi za mutauni." A Nangondo anakhala kutsogolo, mutu atapendeketsa, milomo ikutsatira nyimbo. Panali malo ena pamene iwo ankakweza okha, kwaya n'kuwalandira. Malowo anafika. Amene anakweza anali mtsikana wina. Milomo ya a Nangondo inaima.

Anadikira kuti anthu abalalike. Anamupeza mwana wawo akukulunga mawaya.

"Aimba bwino anzanga. Nanga ine mwandiika pati, atate?"

"Mulimo, amayi. Kungoti mawu asakanikirana."

"Iwe. Ndinakubala ndine. Kulira kwako ndinkakuzindikira pakati pa ana a chipatala chonse. Mawu anga omwe ndingawasowe?"

Yotamu anapitiriza kukulunga mawaya.

A Nangondo sanakalipe. Anamanga nsalu yawo bwinobwino n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso kukwaya. M'tchalitchi anasamukira kumbuyo, kumpando wa nkhalamba zosamva. Anasiya kuimba popalira. Anasiya kuimba potsuka mbale. A Nasibeko anawanyengerera kangapo, iwo n'kumangoti, "Siyani, anzanga. Nthawi yathu inali ya njuchi."

Yotamu ankati adzapepesa. Ankati adzawajambulanso mwapadera akapeza mpata. Koma nyimbo zija zinamveka pawailesi, makwaya a midzi ina anayamba kubwera kudzajambulitsa, ndipo mpata unasowa. Mvula inagwa. A Nangondo anayamba kutsokomola. Chimanga chisanaume, anatisiya.

Pamaliro panadzaza. Anabwera a kwa Chimtengo. Anabwera ana a mlamu wolanda dimba uja, atasenza nkhuni. Khomo lililonse limene mayiyo anaimbapo linatuma munthu. Yotamu anabweretsa masipika ake aakulu ndi jenereta, kuti mayi ake apite mwaulemu.

Anabweranso malume ake, a Zakeyu, mlongo wa malemuyo, amene anakhalitsa kunja kwa dziko pa ntchito. Panali patapita zaka asanamvenso mawu a mlongo wawo. M'mawa wa tsiku loika, bokosi lisanatuluke m'nyumba, anamuitana Yotamu pamaso pa anthu.

"Mphwanga, ndamva kuti mayi ako unawajambula. Wachita bwino. Tisanawanyamule, atiimbire komaliza. Ndimve mlongo wanga."

Yotamu anayatsa. Nyimbo inatuluka yoyera, yosalala, yopanda banga. A Zakeyu anasendera pafupi ndi sipika, chipewa chili m'manja. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ali pati?"

A Zakeyu anagwira khutu lawo.

"Kapena makutu anga akalamba. Bweza."

Anabweza. Nyimbo inayendanso ulendo wake. Amayi a m'kwaya anaweramitsa mitu, pakuti iwo ankadziwa.

A Nasibeko anayankhula ali pamphasa. "Mwanawe, siya zimenezo. Tiikire zakale zija, za njuchi. Mmenemo alimo. Ndinkaima nawo phewa ndi phewa."

Jenereta inkalira kuseri kwa nyumba. Anthu onse maso anali pa Yotamu.

"Ndinafufuta."

"Zonse?"

"Zonse."

A Zakeyu sanakweze mawu. Anavala chipewa chawo.

"Zimitsa. Chotsa katundu wakoyu pakhomo, tikufuna podutsa bokosi."

Jenereta inazima. Kenako a Nasibeko anakweza nyimbo, pomwe anakhalapo. Mawu awo anali osweka kuposa a malemu. Anathyoka pamwamba, anatsalira pansi. Amayi a kwa Chimtengo anawalandira. Ana a wolanda dimba analandira. Mudzi wonse unabweza ngongole yake, aliyense ndi pakhosi pamene anali napo. Yotamu anathamangira kutsogolo n'kukweza manja kuti atsogolere, monga mwa ntchito yake. Palibe anayang'ana manja akewo. Anawatsitsa. Pa anthu onse amene anali ndi ngongole kwa mayi uja, wa ngongole yaikulu ndiye anapita kumanda ali duu.

Maliro atatha Yotamu ananyamula kompyuta kupita nayo kwa wogulitsa uja, kuti mwina zofufutidwa zingabwerere. Munthuyo anafufuza tsiku lonse. Pomaliza anapukusa mutu.

"Pepani, bigi. Mukanabwera msanga. Nyimbo za makwaya enawa munazijambula pamwamba pake. Malo aja analimidwa kale."

Saundi kadi ija ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo simva kukalamba. Anthu amati Yotamu akatsala yekha amavala mahedifoni, n'kutsegula nyimbo ija, n'kutseka mizere ya ena onse mmodzimmodzi. Amatsala ndi pamene panali mzere wa mayi ake. Amamvetsera. Pamakhala bata loyera, lopanda njuchi ngakhale imodzi.

Tsono inu ana anga, ndi inu apongozi mwakhala kukhomoko, musatuluke pano n'kumakanena kuti ndaletsa saundi kadi. Kadi ija sinalakwe. Inauzidwa kuti imve, inamva. Ngati khutu lobadwa nalo likukwanirani, khalani nalo. Ngati ntchito yanu ikufuna khutu lakuthwa, gulani. Koma dziwani ichi musanagule: khutu latsopano siliyamba kumva zolakwa za anthu akutali. Limayamba ndi a m'nyumba mwanu, amene mawu awo anathera pa inu nomwe.

Ena mwa inu mwapita kusukulu, mwabwera ndi makutu akuthwa. Mwayamba kumva kuti bambo anu amabwereza nkhani, kuti azakhali anu amene anakulerani amatafuna mokweza. N'zoona, mukumva bwino. Musanadine, funsani kuti pakhosi pamenepo panathera pa yani.

Amene anakuimbirani muli kumsana, musiyireni mzere wake, ngakhale ukhote. Tsiku likubwera limene mudzaufune, ndipo simudzapeza wogulitsa.