Wokhoma Zidebe Amene Anavinira Ululu

Panali munthu wina wokhoma zidebe pamsika, dzina lake Kamzingeni. Ndowa, mbaula ndi zothirira mbewu zinkatuluka m'manja mwake, ndipo banja lake lonse linkadyera manja omwewo.

Tsiku lina akudula lata, latalo linaterereka n'kumucheka pamkono wamanja, chakufupi ndi dzanja. Anamusoka ndipo bala linapola. Koma chala chachikulu ndi ziwiri zoyandikana nacho zinatsala zadzanzi. Ankazitsina, osamva kanthu.

Wanzeru akanabwerera kuchipatala, koma Kamzingeni sanabwerere. M'mawa wina khala la moto linagwa pambaula imene ankatenthetserapo chitsulo chake chowotcherera. Iye analitola ndi zala n'kulibwezera pamoto, osaphethira n'komwe. Odutsa anaimika njinga zawo.

"Akuluwa ndi okhwima," anatero wina. "Moto ukuwaopa."

Mbiri inawanda msika wonse. Anthu ankabwera kudzaonerera, ena n'kugulako ndowa pobwerera. Kamzingeni sankatsutsa. Kutamandidwa kumakoma, abale, ndipo kumaledzeretsa munthu asanamwe kanthu. Ankatola makala mocheza, akumati, "Ululu ndi wa anthu ofooka. Ine ndinausudzula kalekale."

Woyamba kumva fungo anali mkazi wake, Nasibeko.

"Bambo a Tadala, tatambasulani dzanjalo ndione."

Anatambasula monyinyirika. Matuza anali ataphulika, nsonga za zala zitada, mafinya akuchucha.

"Inu moto simukuumva, koma moto ukukudyani," anatero Nasibeko misozi ili m'maso. "Dzanjali likapita, anawa adzadya mbiri yanuyo?"

Anamukokera kuchipatala chachikulu. Dokotala anayang'ana zilondazo, kenako chipsera cha pamkono, n'kupukusa mutu.

"Bambo, thupi lanu linapangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselowo amalankhulana. Selo lomva moto pachala limathamangitsa uthenga m'kachingwe kake, ngati magetsi. Pothera pa kachingweko limadonthezera linzake timadzi tapadera, linzakelo n'kupatsiranso lina, mpaka yankho libwere loti chotsa dzanja. Zala zanu zakhala zikupsa n'kumakuwa. Asilikali a m'magazi anamva, anabwera kudzamenya nkhondo, ndipo mafinya mukuwaonawa ndi mitembo yawo. Amene simunamve ndinu nokha, chifukwa lata lija linadula mtsempha wonyamula uthenga."

"Ndiye titani, adokotala?"

"Tiulumikiza. Koma umamera pang'onopang'ono, ndipo sindilonjeza kuti ukafika kunsonga. Muike nyundo pansi. Mukapitiriza masewera a motowa, zala izi tidula."

Apa ndi pamene Kamzingeni anachita mantha enieni. Anavomera opaleshoni, ndipo atatuluka anaika nyundo yake pansi pa bedi.

Miyezi imene inatsatira inali yowawa, ngakhale dzanja silinkawawa. Nasibeko anayamba kukazinga zitumbuwa pamsika womwewo kuti pakhomo pasagone njala. Dokotala anali atawaphunzitsa kayezedwe ka mmene mtsemphawo ukumerera. M'mawa uliwonse mayiyo ankagogoda pamkono wa mwamuna wake ndi chogwirira cha supuni, kuyambira pachipsera kutsikira kudzanja.

"Apa mukumva?"

"Ngati nyerere zikuyenda."

"Nanga apa?"

"Zii."

Pamene nyererezo zathera ankalembapo kadontho ndi khala lozima. Kadonthoko kankasuntha ngati kakukakamizidwa. Kanafika pachikhatho mvula itayamba, n'kukhala pomwepo mpaka Kamzingeni anataya mtima. Kenako kanayambanso kuyenda.

Chimanga chitauma m'minda, iye anabwerera kumsika kukagulitsa mbaula zochepa zimene zinatsala. Pafupi naye mnzake wina wokhoma zidebe ankakupiza moto. Anthu akale aja atamuona anamuzungulira.

"Abwera a moto aja! Tatolani khala limodzi, akulu, alendowa aone."

Kamzingeni anayang'ana makalawo, n'kuyang'ana zala zake za zipsera. Mtima unamunong'oneza kuti kamodzi kokha sikangaononge kanthu. Koma anapinda dzanja lake pachifuwa.

"Sinditola," anatero. "Sindinali wokhwima ine. Ndinali wodwala."

Anthu anaseka, ena n'kuyamba kuchoka. Nthawi yomweyo khala linathetheka pambaula ya mnzake uja, ndipo kakhala kakang'ono kanauluka n'kutera pansonga ya chala cholozera cha Kamzingeni.

"Mayo ine!"

Dzanja linali litathawa kale iye asanaganize n'komwe. Msika wonse unafa nacho chiseko.

"Mankhwala asukuluka!" anakuwa wina. "Moto wawadziwa!"

Koma Kamzingeni sankawamva. Anaima chilili, akuyang'ana chala chakecho. Chinkawawa. Chinkawawa ndithu, ululu wabwino, woyambira kunsonga kwenikweni. Anachitsina, chinayankha. Anatsina chinzake, nachonso chinayankha, ngakhale motsitsa mawu.

"Chikuwawa!" anafuula. "Anthuni, chala changa chikuwawa!"

Anayamba kuvina pakati pa ndowa, dzanja lili m'mwamba, misozi ikutsika. Anthu ankati wazungulira mutu. Nasibeko atamva phokoso anasiya zitumbuwa pamoto n'kuthamanga. Atamva zimene mwamuna wake ankakuwa, anaimba nthungululu yomveka mpaka kokwerera minibasi, n'kulowa m'bwalomo kukavina naye. Zitumbuwa zinapserera tsiku limenelo, ndipo palibe anadandaula.

M'mawa mwake Kamzingeni anatulutsa nyundo pansi pa bedi. Anagulanso mbaniro yogwirira makala, ndipo anakhoma zidebe ndi zala zake zonse mpaka imvi zinamera.

Tsono inu amene mukundimva, taganizani. Thupi limene mwakhala naloli lili moyo chifukwa maselo ake samanana uthenga, ngakhale uthengawo ukhale wowawa. Banja nalonso ndi thupi, mpingo ndi thupi, mudzi ndi thupi. Pakhomo panu pakakhala zii, musathamangire kunena kuti pali mtendere, mwina mtsempha unaduka kale ndipo wina akupsa mwakachetechete. Mwana amene akudandaula, mkazi amene akuti pano pakununkha, mnzanu amene wabwera ndi mawu osakoma, musawatseke pakamwa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo ngati pali m'bale amene munasiya kulankhulana naye, pitani mukalumikize lero. Zidzamera pang'onopang'ono. Koma tsiku limene adzakuuzeni mawu okupwetekani, inu n'kuwamva, mudzavine ngati Kamzingeni, chifukwa dzanja lanu lapulumuka.