Telala Amene Anafunditsa Inveta

Telala wina anali ndi mapanelo a sola padenga la shopu yake, olumikizidwa ku mawaya a kampani ya magetsi. Dzuwa likawala, makina ake osokera ankayenda ndi mphamvu ya padengapo, yotsala n'kumapita ku mawaya a mumsewu. Mphamvu yonseyi inkadutsa mu inveta, kabokosi koyera kokhomedwa pakhoma m'chipinda chosungira nsalu.

Chilimwe chitafika, fumbi linkalowa paliponse. Poopa kuti kabokosiko kawonongeka, telala anakakhomera kabati ya matabwa, n'kutseka mipata yonse ndi zigamba.

Mlamu wake, yemwe anaika solayo, ataona anagwira pakamwa. "Alamu, kameneka kamafuna mphepo. Kukatentha kwambiri ngakhale mapanelo amafooka, ndiye inu mwakafunditsa? Chotsani musanaone zakuda."

"Sola kuopa dzuwa? Ndiye nsomba iziopanso madzi," anatero telala akuseka. Munthuyu anali wakumva zake zokha, ndipo akakana chinthu, ngakhale mumugwadire, sankasunthika.

Kutentha kunakula, malata n'kumachita kuthetheka. Masana aliwonse inveta inkalira m'kabatimo, kuzima, kenako kuyakanso. Telala ankangokweza wailesi.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mkazi wake anagoneka khanda lawo pamulu wa nsalu m'chipinda muja, n'kuthamangira kumsika. Telala ali pamakina anamva fungo la pulasitiki wopsa. Anayang'ana simbi yositira, koma inali yozima. Atacheuka anaona utsi ukutuluka kunsi kwa chitseko, ndipo mwana sankalira. Anadzambatuka n'kuthamangira komweko.

Anakankha chitseko, utsi n'kumutseka m'maso. Kabati inali lawilawi, moto utagwira kale nsalu zapamwamba. Anakwawa akufufuza ndi manja, zala zikupsa, mpaka anagwira kamwendo. Anatuluka nako kamwanako kali lobodo, maso otseka. Anthu mumsewu ankakuwa za madzi, iye osamva kanthu, akungothamangira kuchipatala wopanda nsapato.

Mwanayo anatsitsimuka atamuika pa mpweya, koma utsi unamuwononga m'chifuwa. Shopu inapsa yonse, ndipo telala sanaidandaule n'komwe. Chimene chimamudya ndi kaphokoso ka m'chifuwa cha mwana wake. Mwanayo akakhala chete pang'ono, bamboyo amasiya chilichonse n'kukaika khutu pamphuno pake.

Akulu adanena: samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.