Pijo ya Malemu Yotamu

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi mwini wake, munthu amene zinamuonekera anthu asanayambe kuutchula. Uwu wa lerowu mwini wake anali Dafuleni, wa kumapiri a ku Ntcheu, kumene amalima mbatata ya kachewere m'madimba.

Dafuleni anali munthu wa luso la manja. Njinga, zigayo, mijigo ya pachitsime, zonse zinkachira akazigwira. Mkulu wake, Yotamu, anali ndi pikapu yakale ya Pijo, yobiriwira mofwifwa, imene inanyamulapo akwati, maliro ndi matumba a m'mudzimo kwa zaka zambiri. Yotamu atadwala, galimotoyo inaima pansi pa mtengo wa mapichesi. Atamwalira inakhalabe pomwepo, udzu n'kumera m'matayala, nkhuku n'kumaikira mazira pampando.

Mkazi wa malemuyo, Nangozo, anatsala ndi ana ndi dimba. Chaka china mbatata inabereka kwambiri, koma ogula obwera ndi malole ankatchula mitengo yonyoza, podziwa kuti mayiyo alibe ponyamulira. Tsono iye anapita kwa mlamu wake.

"Alamu," anatero Nangozo, "chimene anatisiyira achimwene anu ndi chija chikuwolera pansi pa mtengo chija. Mutachidzutsa, mbatata tizikagulitsa tokha kumsewu waukulu, ndipo nyumba ziwirizi zidzadya."

"Ndiyesa, alamu," anayankha Dafuleni. "Chiwongolero ndinaphunzirira pomwepo, achimwene akundikalipira."

Anayamba ntchito. Injini anaitsuka, batire anabwereka kuchigayo, matayala anawamata. Koma atakwawira kunsi kwa galimoto anapeza vuto lenileni. Paipi yachitsulo yotenga petulo kuchokera ku thanki kupita ku injini inali itadyedwa ndi dzimbiri, moti ataigwira inangofumbutuka ngati phesi lofumbwa. Timapaipi tamphira tolumikiza kunsonga zake tinali titang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe.

Anafunsa m'masitolo a pa boma, osapeza. Ku Balaka wogulitsa wina anaseka. "Bambo, masipeya a galimoto imeneyo anatha ife tisanabadwe." Pomaliza anakwera basi mpaka ku Ndirande, kumene amasenda magalimoto akufa ngati mbuzi. Kumeneko anamulozera kwa Bambo Chingwalu, amene anali ndi chigoba cha Pijo kuseri kwa shedi yawo. Awiriwo anagona chagada pafumbi n'kumasula paipi yachitsulo, ndipo inatuluka yonse yamphumphu.

"Chitsulo mwapeza," anatero Bambo Chingwalu akupukuta manja. "Koma mphira wake ndilibe. Wa pachigoba apa wauma ngati wanu yemweyo. Pali mnzanga amabwera naye kuchokera ku Tete. Akafika ndidzakutumizirani pa minibasi. Musaikepo wina ayi, achimwene. Petulo ali ndi mphira wakewake."

Dafuleni anabwerera kumudzi paipi ili paphewa ngati uta. Anaiuzira ndi pompa ya njinga kuti ituluke zinyalala, anaiyendetsa m'mbali mwa chitsulo cha kunsi, n'kuimanga bwinobwino kuti isamakhuzike. Zonse zinakhala m'malo mwake. Panatsala mipata iwiri yokha, wina kuthanki wina kuinjini, uliwonse wosatalika kuposa chikhatho.

Anadikira. Minibasi zinkabwera n'kupita, katundu wa ku Ndirande osaoneka. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri, ndipo mbatata imene inaunjikidwa pakhonde pa Nangozo inayamba kutulutsa maso. M'mawa uliwonse mayiyo ankasankha zowola n'kukataya kudzala, ndipo njira ya kudzalako inkadutsa pafupi ndi galimotoyo.

Tsiku lina Dafuleni akuthirira dimba lake anayang'ana paipi yakuda imene inali m'manja mwake. Anaipinda, inali yofewa ndi yolimba. Anadulako zidutswa ziwiri, ndipo atakaziyesa zinalowa ngati zinapangidwira pomwepo. Anazimanga ndi waya, anathira petulo, n'kupotoza kiyi. Galimoto inatsokomola, inanjenjemera, kenaka inalira.

Nangozo anatuluka m'nyumba chitenje chili m'manja. Kulira kumeneko anali asanakumve chimwalirire mwamuna wake, ndipo anakhala pansi pakhonde misozi ikuyenderera. Atadzigwira anafunsa, "Kodi mphira uja wafika?"

"Sanafike. Ndaikapo wongoyembekezera," anatero Dafuleni. "Musade nkhawa, alamu. Petulo sabisala. Likangogwa dontho limodzi, mphuno imva."

Musaganize kuti anali munthu wosasamala. M'mawa uliwonse asanalize galimoto ankakwawira kunsi, kununkhiza polumikiza ponse, kupaka chala, kuyang'ana pansi ngati panyowa. Ponse panali pouma. Maulendo oyamba anayenda bwino, ana a malemuyo anaguliridwa nsapato, ndipo anthu ankaimika Pijo m'njira kuti aigwire chabe. Ulendo wina injini inatsamwa pang'ono pachitunda, koma Dafuleni anati mwina petulo anali ndi zinyalala. Za ku Ndirande anasiya kuziganiza.

Linafika tsiku lonyamula mbatata yonse yotsala, pamodzi ndi imene Nangozo anasunga kuti akasinthe ndi mbewu ndi feteleza. Nangozo anakwera nawo kutsogolo. Kumudziko dzuwa linali phwee, koma kumapiri kunali bii. Panjira panali mtsinje wa Nankhande, wopanda mlatho, umene magalimoto ankawolokera pamiyala. Atafikapo anapeza madzi afiira, koma ankangolekeza m'akakolo. Dafuleni analowetsa galimoto pang'onopang'ono.

Pakati penipeni injini inatsamwa, n'kuzima.

Anapotoza kiyi, inangolira kukhosi osadzuka. Anapotozanso. Anatsika, anatsegula kutsogolo, anagwada m'madzi n'kusuzumira kunsi. Panalibe chodontha, panalibe fungo, thanki inali yodzaza. Ali chigwadire, amayi amene ankachapa kutsidya anayamba kukuwa.

"Madzi! Thawani, madzi akubwera!"

Kumtunda kunamveka mkokomo ngati wa lole yolemera. Nangozo anali atatsika kale n'kugwira thumba limodzi, akulimbana nalo kuti alitsitse.

"Siyani, alamu!"

"Ana adya chiyani?"

Dafuleni anamugwira mkono n'kumukoka ndi mphamvu. Madzi anawapeza m'mawondo, kenaka m'chiuno, ndipo amayi aja anawaponyera chitenje n'kuwakokera kumtunda. Atacheuka anaona Pijo ikunyamuka kumbuyo ngati ng'ombe yodzuka, ikutembenuka, ikugona chammbali. Matumba anayandama pang'ono n'kumira. Posakhalitsa panalibe chooneka koma madzi ndi zinyalala.

Madzi ataphwa anaipeza kumunsi itakodwa pa mtengo wa mkuyu, denga litaphwanyika, injini itadzaza mchenga. Dafuleni anakumba ndi manja mpaka anafika pathanki. Kapaipi ka kudimba kaja kanali pomwepo, komangika bwino, kunja kwake kosalala ngati katsopano. Anakadula ndi mpeni. M'kati mwake petulo anali atadya mphira, n'kumufewetsa ngati phala, ndipo anatupa mpaka bowo linatsekeka moti ngakhale kaudzu sikakanalowa.

Anapita nako kwa Nangozo n'kukaika pamphasa. Anakhala pansi, mutu uli pakati pa mawondo.

"Anandiuza ku Ndirande, alamu. Anandiuza."

Nangozo anakatenga, anakayang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe. "Ndinkakuonani m'mawa uliwonse mukununkhiza kunsi kuja," anatero motsitsa mawu. "Nanenso ndinkakufulumizani ndi maso. Koma tsoka silinunkha, alamu."

Sabata yomweyo kondakitala wa minibasi anabweretsa kaphukusi kochokera kwa Bambo Chingwalu. Dafuleni anakalandira, anathokoza, n'kukakankhira kudenga osakamasula.

Popanda mbewu ndi feteleza, Nangozo sakanatha kulima chaka chimenecho. Abale ake anabwera kudzamutenga pamodzi ndi ana, n'kupita nawo kwawo ku Dedza. Anawo anakulira komweko, ndipo pobwera kudzaona manda a bambo wawo ankapatsa moni Dafuleni ngati mlendo. Iye anapitiriza kukonza njinga ndi mijigo mpaka ukalamba, koma chiwongolero sanachigwirenso.

Amayi a pamtsinje aja, amene anali atabwera kudzapepesa tsiku limenelo, ndiwo anafalitsa mawu a Nangozo, ndipo mpaka lero timati, "Tsoka silinunkha." Tanthauzo lake n'lakuti choipa sichitumiza mthenga. Nyama yowola imadziulula, utsi umaulula moto, koma zambiri zimene zimagwetsa munthu zimakula mwakachetechete, m'kati, pamene maso ndi mphuno sizifika. Mwambiwu timaunena popepesa amene zamugwera, monga anachitira Nangozo, kuti asadziphe ndi maganizo. Koma inu amene zisanakugwereni muumve mwanjira ina. Ngati wodziwa wakuuzani kuti apa musaikepo ichi, musati mudzasiya mukaona chizindikiro, pakuti chizindikirocho mwina chidzakupezani muli kale pakati pa mtsinje.