Mfuti ya Adzakuliramo

A Wendell Kratzer sankagulira mwana wawo chinthu chomukwana. Kaya ndi nsapato, kaya ndi jekete, kaya ndi njinga, iwo ankaloza chachikulu n'kunena kuti, "Adzakuliramo." Marnie, mwana wawo mmodzi yekhayo, anakula akupinda mikono ya malaya ndi kuvala masokosi ophatikiza kuti nsapato zisamavuke. Pakhomo pawo, m'mapiri a kumpoto kwa Pennsylvania, khalidweli linali longoseketsa, losapweteka munthu.

Chaka chimene Marnie anakhoza mayeso a ulenje n'kulandira chiphaso chake choyamba, a Wendell anayenda ngati sakuponda pansi. Chibadwire mwanayo, iwo ankangolota tsiku lodzakhala naye patsinde pa mtengo umodzi, kudikira mbawala. Anzawo onse a kumsasa wa alenje ankafika ndi ana awo. Iwo okha ankafika ndi fulasiki ya khofi.

"Bambo a Marnie," anatero akazi awo a Charlene akutsuka makapu, "popita kogula mfutiyo mudzere achimwene anga a Orval. Iwo aja analera alenje."

"Orval? Ine ndinayamba kuwomba mfuti Orval akuyamwa chala."

"Paja ndinu ang'ono kwa iwo."

"Ndiye kuti anachedwa kusiya kuyamwa chalacho," anatero a Wendell, n'kutola makiyi a galimoto.

Mwini sitolo ya mfuti m'tauni yawo anamuyang'ana Marnie kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kamtsikana kowonda ngati bango, ndipo anatsitsa mfuti yaifupi.

"Ya mwana ndi iyi, ya 243. Chipolopolo chake n'chaching'ono, sichisautsa phewa, koma mbawala ikachilandira pamalo oyenera siyenda mtunda."

Maso a a Wendell anali atakwera kale pakhoma, pamene panapachikidwa chimfuti chachitali chonyezimira, cha galasi loonera patali lonenepa ngati mkono wa munthu.

"Nanga icho?"

"Imeneyo ndi 300, ya zimbalangondo ndi zinyama zikuluzikulu za kumadzulo. Imamenya theche ngati bulu."

"Basi, ndi yomweyo. Ndigule kamfuti lero, mawa mwana watalika, ndibwerenso kuno? Adzakuliramo."

"Bwana, nsapato ikakula mwana amaikamo sokosi. Nanga mumfuti aikamo chiyani?"

"Mtima," anatero a Wendell akudziguguda pachifuwa.

Marnie anavina m'sitolomo. Anavinanso pabwalo poimika galimoto, chikwama cha mfuti chikumuposa msinkhu. Asanafike n'kunyumba komwe anali ataipatsa kale dzina lakuti Mphenzi, ndipo bambo ndi mwana anaimba dzinalo njira yonse, mawindo ali otsegula ngakhale kunkazizira.

Madzulo a tsiku lomwelo anakhoma chandamale pa mitolo ya udzu kuseri kwa khola. Marnie anagwada, anatsamiritsa Mphenzi pa thumba la mchenga, anayandikiza diso pagalasi, n'kukhethemula.

Phiri lonse linayankha. Akhwangwala a mafamu oyandikana anabalalika m'mwamba, galu analowa kunsi kwa galimoto, ndipo Marnie anapezeka atakhala pansi, miyendo ili m'mwamba, chipewa chili kwina. Mkombero wa galasi lija unali utamutema pa nsidze, kabala kokhota ngati mwezi wongooneka kumene. Magazi akutsikira pamphuno, iye anaphulika kuseka.

"Adadi, ndawomba kapena ndawombedwa?"

"Wabatizidwa, mwanawe! Mlenje weniweni ndi ameneyo!"

A Charlene sanaseke. Anangomata balalo. Pofuna kuwatsimikizira kuti panalibe choopsa, a Wendell anaitenga Mphenzi n'kuwomba kamodzi. Anamwetulira, anati, "Mwaona? Ngati kusisitidwa." Sabata yonseyo anapesa tsitsi ndi dzanja lamanzere, ndipo kuyambira pamenepo, mfutiyo ikafuna kuyesedwa, iwo ankakhala ndi chifukwa chosaigwirira.

Marnie anapitiriza kuphunzira Loweruka lililonse. Zipolopolo zake zinkapita kulikonse kupatula pachandamale. China chinafukula mbatata, china chinadula waya wa mpanda. A Wendell ankaima kumbuyo kwake, maso ali pa chandamale, n'kumadzudzula mphepo, galasi, ndi anthu opanga zipolopolo masiku ano. Nkhope ya mwanayo pa nthawi yokhethemula sanaiyang'anepo.

Phwando lothokoza la mu Novembala, limene anthu amadya nkhukundembo, litangodutsa, nyengo ya mbawala inatsegulidwa. Kumsasa, kanyumba ka matabwa pakati pa nkhalango, kunadzaza alenje ovala zovala za mtundu wa olenji, fungo la nyama yankhumba yokazinga, ndi mabodza a chaka chatha. A Orval, mkulu wa msasawo, ataona Marnie akutsitsa mfuti yake anavula chipewa ngati kukudutsa maliro.

"Alamu, nkhondo ili kuti? Mwabweretsa mzinga bwanji osatichenjeza?"

"Nsanje, alamu. Mukaona nyama ikubwera muzinola mipeni."

"Tidzatola nyama kapena tidzakolopa?"

Kutacha, bambo ndi mwana anakhala patsinde pa mkungudza waukulu, chipale chofewa chitayala nkhalango yonse. A Wendell sankatha kukhazikika. Ankangomwetulira okha, kumugwedeza mwanayo ndi chigongono popanda chifukwa, mpaka iye anawanong'oneza kuti, "Adadi, khalani ngati munthu wamkulu." Dzuwa litangokwera pang'ono, mbawala yamphongo inatulukira m'zitsamba, nyanga zili nthambinthambi, n'kuima chopingasa pafupi penipeni, ngati yaitanidwa kudzajambulitsa.

"Modekha," ananong'ona a Wendell, maso ali pa mbawala. "Kuseri kwa phewa. Tsopano."

Mphenzi inagunda. Nthambi ya mtengo wina, kutali pamwamba pa mbawalayo, inathyoka n'kugwa. Chipale chonse cha mumkungudza chinakhuthukira pa alenje awiriwo. Atapukuta m'maso anaona mbawala ikuwayang'ana modabwa, kenaka inatukula mchira wake woyera n'kumapita mosafulumira.

Kumsasa kumeneko kuli lamulo la makolo. Mlenje akawombera mbawala n'kuphonya, masana ake amazengedwa mlandu, ndipo amamudula mchira wa shati, nsalu yakumbuyo ija yolowetsa m'thalauza, n'kuikhomera pakhoma dzina lake litalembedwapo. Khoma la kumsasako linali bii ndi michira. Mfuti ya Marnie inali itamveka nkhalango yonse, ndiye kubisa kunali kosatheka.

Pobwerera, kuseka kuja kunali kutamuthera mwanayo. Ali pafupi kufika anaima.

"Adadi, ndinaloza bwinobwino. Ndikulumbira. Akandidula shati pamaso pa anyamata onse aja, ine kuno sindidzapondakonso. Mwina ulenje si wanga."

Mawuwo anawalowa a Wendell ngati madzi ozizira m'khosi mwa malaya. Anayesa kuseka, koma kuseka kunakana.

Anapeza khoti litakhala kale. A Orval anali pampando pafupi ndi mbaula, chipande chili m'manja m'malo mwa nyundo ya woweruza, mpeni uli patebulo.

"Woimbidwa mlandu ayandikire! Marnie Kratzer, akuti wapha nthambi yosalakwa. Ukuvomera?"

"Ndikuvomera, amalume," anatero motsitsa mawu.

"Bwana woweruza," analowerera a Wendell, "kunali mphepo."

"Mphepo? Utsi wa pachumuni ukukwera chilili ngati mzati."

"Ndiye ndi galasi."

"Galasi lomwe lamulemba mwezi pankhopeli?" A Orval anamuyang'anitsitsa mwana wa mlongo wawo uja, kabala ka pa nsidze ndi mapewa akugwa, ndipo anaika chipande pansi. "Khoti lino silidula shati lisanaone umboni. Tiyeni panja."

Kuseri kwa msasa kunali malo oyeserapo mfuti, chandamale chitatsamira chulu cha dothi. Onse anaima kumbuyo kwa mzere. A Orval anatenga Mphenzi, anatembenuka kuti asaonedwe manja, anaikonza, n'kuipereka kwa Marnie.

"Womba, mwana wa mlongo wanga. Inu alamu, chandamale chisiyeni, sichithawa. Yang'anani mwana wanu."

Marnie analoza. Chala chake chitangoyamba kukoka, maso onse awiri anatsinzina, mano analumana, mapewa anakwera mpaka m'makutu, ndipo mpope wa mfuti unagwedezeka ngati mchira wa galu. Mfutiyo inangoti tcha! Munalibe chipolopolo.

"Mwaona?" anatero a Orval. "Mwanayu akuthawa theche lisanabwere. Thupi lake linaphunzira tsiku loyamba, ndipo silinaiwale."

A Wendell anaona ndithu, koma anthu anali ambiri, ndipo khosi lawo linali louma chibadwire.

"Chibwana chabe chimenecho. Mfutiyi sikankha n'komwe. Ine ndinaiwombapo, ili ngati kusisitidwa."

"Tisangalatseni, alamu."

A Orval anatembenukanso, anaikonzanso, n'kuipereka. A Wendell anaiika paphewa, ndipo phewalo linakumbukira. Mumtima anati, Orval ndi wochenjera, sangabwereze msampha womwewo. Ulendo uno waikamo chipolopolo, mwina chachikulu kuposa zonse. Anakoka mpweya. Anakhethemula.

Tcha!

Anthu amene analipo amatsutsanabe mpaka lero kuti chinayamba n'chiyani, kukuwa kapena kudumpha. Chimene amagwirizana n'chakuti a Wendell anatsinzina, anafuula kuti "Mayo!", anabwerera m'mbuyo mothawa theche limene kunalibe, n'kukhala pansi m'chipale mpaka m'chiuno, mfuti itaimikidwa bwinobwino kuloza kumwamba ngati mbendera.

Msasa unagwa nako kuseka. Wophika anatuluka ndi chiwaya m'manja, anaona, n'kukhala pakhonde misozi ili chuchuchu. Mkulu wina anagwira mtengo kuti asagwe. Koma woseka koposa onse anali Marnie, amene anagubuduka m'chipale atagwira pamimba, ntchirikitchi zitamugwira.

"Adadi... ngati kusisitidwa!"

"Chete m'khoti!" anakuwa a Orval, iwonso akulephera kupuma. "Chigamulo nachi. Mwana alibe mlandu. Mbawala ija anaiphonya ndi munthu amene anagula mfutiyi, ndipo anaiphonyera m'sitolo momwemo. Mchira udulidwe wa a Wendell Kratzer. Popeza iwo amakonda zazikulu, udulidwe waukulu."

Mpeni anaupereka kwa Marnie. Iye anadula mosaumira, kuyambira m'chiuno mpaka m'mapewa, kotero kuti bambo ake anadya chakudya chamasana atatsamira mbaula, msana uli pamtunda. Nsaluyo inatenga malo a michira ingapo pakhoma. A Wendell anaseka nawo, ndipo kuseka kwake kunali koona, chifukwa mwana wawo anali pakati pa alenje akufotokoza nkhaniyo mobwerezabwereza, osatchulanso zochoka.

A Orval anamubwereka Marnie kamfuti ka 243 kamene ana awo anaphunzirira, ndipo a Wendell anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Yankho linkaoneka lapafupi: kuchotsa yaikulu, kuikapo yaing'ono.

Tsiku lotsekera nyengo, ali patsinde pa mkungudza womwe uja, kunabwera mbawala ina, yocheperapo koma ya nyanga zokwanira. Inaima poyera. Marnie anakweza kamfuti kaja mosavutika, kakumukwana ngati kanapangidwira iye. Ulendo uno a Wendell sanayang'ane nyama. Anayang'ana nkhope ya mwana wawo, ndipo anaona chala chikuyandikira, zikope zikuyamba kunjenjemera, kenaka n'kutsekeka zokha.

Marnie anachotsa chala. Anatsitsa mfuti n'kuitseka.

"Sindingathe, adadi," ananong'ona. "Ndikudziwa kuti kameneka sikapweteka, koma maso sakundimvera. Ndingoithyola mwendo, ikafere kutali."

Anaiyang'ana limodzi mbawalayo ikudya masamba, ikusuntha pang'onopang'ono mpaka inalowa m'zitsamba. A Wendell anafunafuna choti adzudzule, mphepo kapena galasi, koma sanachipeze.

"Nanga chaka chamawa?" anafunsa.

Marnie anaganiza kaye, ndipo kuganizako kunawatalikira bambo ake.

"Ngati muzindiimikira zitini kuseri kwa khola, ndiziwomba ndi kamfuti kophera agologolo mpaka maso atasiya. Koma inuyo muziyang'ana ine."

"Ndiziyang'ana iwe."

"Kuzizire, kusazizire."

"Kuzizire, kusazizire, mayi."

Anabwerera kunyumba opanda nyama. Nyengo yonse yachisanu anansi ankamva kamfuti kakang'ono kakulira kuseri kwa khola la a Kratzer, ndipo odutsa pamsewu ankaona bambo wamkulu atagwada m'chipale pambali pa mwana wake, ndevu zitachita chisanu, akumuyang'ana m'maso. Mantha amene analowa ndi chipolopolo chimodzi ankatuluka pang'onopang'ono, ngati munga wothyokera m'phazi, ndipo masamba anaphuka m'mitengo manthawo asanatheretu. Akuluakulu sananame: mmera mpoyamba.